Zimene zimandisowetsa mtendere ndi zimene zikanandipha: mafunso ndi mayankho

Ndili ndi zaka 46, ndili pabanja, ana alipo atatu, ndipo ntchito yanga ndi yokhala pampando maso ali pa kompyuta kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Udokotala sindinaphunzire. Zaka ziwiri zapitazo anandipeza ndi BP, ndipo chiyambire pamenepo pali tinthu tingapo timene ndinasintha toti munthu amatha kutiona: foni sigonanso kuchipinda, madzulo ndimayenda wapansi, mchere wa patebulo sindiugwira. Anzanga a kuntchito, alamu anga ndi mng'ono wanga akhala akundifunsa mafunso omweomwewo, ena pagulu, ena mochita kundikokera pambali. Paja safunsa anadya phula, choncho aliyense wofunsa ndimamuyankha mmene ndikudziwira.

Munadziwa bwanji kuti muli ndi BP? Munkamva chiyani m'thupi?

Sindinkamva kalikonse. Chimene chinandipititsa kuchipatala ndi msana. Unali utandivuta milungu itatu, moti povala masokosi ndinkachita kukhala pansi. Ndisanalowe kwa adokotala, anamwino anandikhazika pa kampando n'kundikulunga chilamba chija pamkono monga amachitira ndi wina aliyense. Chinafufuma, chinafinya, kenako chinaphwa. Anayang'ana manambala, n'kundiyang'ana ine, osalemba kanthu. "Bambo, takhalani kaye chete mphindi zisanu. Musayankhule, foniyo ikani m'thumba." Atayezanso, mkono winawo, makina anaonetsa 162/104. Apo m'pamene anatola cholembera.

Ndinawauza kuti ine ndabwerera msana, mutu sukundipweteka, chizungulire ndilibe. Anangoti, "Ambiri amatero, bambo."

Nambala yapamwamba ndi mphamvu imene magazi amakankhira mitsempha pamene mtima wapopa. Yapansi ndi ya pamene mtima wapumira, kudikira kupopanso. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu ali ndi vutoli ngati pa masiku awiri osiyana nambala yapamwamba yafika 140 kapena kuposa, kapena yapansi yafika 90 kapena kuposa. Limanenanso kuti akuluakulu oposa 1 biliyoni ali nalo, ndipo pafupifupi theka la iwo sadziwa. Ine ndinali m'gulu la osadziwalo. Kunja ndinkaoneka wathanzi, koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: magazi akamathamanga chonchi chaka ndi chaka, mtima umakula ndi kutopa, timitsempha ta mu impso ndi m'maso timawonongeka, ndipo tsiku lina mtsempha wa mu ubongo umatsekeka kapena kuphulika, munthu n'kufa ziwalo.

Mpaka pano zimandichititsa nthumanzi ndikaganiza kuti msana, umene unkandibuulitsa tsiku ndi tsiku, sunali woopsa, pamene chimene chikanandigwetsa chinali phee ngati kulibe.

Akuti mankhwala a BP ukayamba susiya. Simunaope?

Ndinaopa, moti mapiritsiwo anakhala m'kabati masiku anayi ndisanameze ngakhale limodzi. Koma mawu akuti "ukayamba susiya" amasocheretsa, chifukwa amamveka ngati mankhwalawo ndi amene amakumanga, monga amachitira fodya. Ayi ndithu. Amene sachoka ndi matendawo. Piritsi limangowagwira kuti asakwere. Ukalisiya amabwerera pamene anali, ndipo suwamva akamabwerera. Ndikudziwa munthu wa msinkhu wanga amene anasiya kumwa chifukwa ankati akupeza bwino. Lero akuphunzira kugwira sipuni ndi dzanja lamanzere, lamanja silimvanso. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Zovuta zake zilipo, sindibisa. Amlodipine, amene ndimamwa ine, ena amawatupitsa mapazi. Mankhwala a gulu la enalapril ena amawapatsa kachifuwa kouma kosamva mankhwala. Ndiye pali mantha amene amunafe sititchula pagulu, oti mapiritsi amafooketsa munthu kuchipinda. Mitundu ina imaterodi kwa anthu ena, koma BP yosasamalidwa nayo imawononga mitsempha yomweyo imene mwamuna amadalira. Mitundu ya mankhwala ilipo yambiri. Auzeni adokotala mosapita m'mbali kuti akusinthireni, musangosiya mwakachetechete.

Ndinagulanso kamakina koyezera kunyumba, ka pamkono osati ka padzanja. Kuyeza kuli ndi malamulo ake: osamwa khofi kapena kusuta kwa mphindi 30, kutaya madzi kaye, kukhala pampando wotsamira mapazi ali pansi kwa mphindi zisanu, mkono uli patebulo molingana ndi mtima, pakamwa potseka. Ukayeza utangokwera masitepe kapena utangokangana ndi munthu, manambalawo amakunamiza.

Mchere munausiyiratu?

Ayi, thupi limaufuna ndithu, koma pang'ono. WHO imalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 patsiku, kumene kuli kusadzaza n'komwe sipuni yaing'ono ya tiyi. Ndipo muyezo umenewo si wa mchere wothira ndi dzanja wokha. Wambiri umabisala m'zakudya zopangidwa kufakitale: buledi, masoseji, za m'zitini, tokometsera ta m'mapaketi. Milungu iwiri yoyamba chakudya chinkandimvekera chozizira, ndipo ndinkadandaula. Mayi a kunyumba anangochotsa kabotolo ka mchere patebulo, osayankha. Lilime limazolowera. Pano ndikadya kwina ndimadabwa kuti kale ndinkawonjezeranso pamwamba pa mchere wochuluka chonchija.

N'chifukwa chiyani foni mumaisiya pabalaza usiku? Si kukokomeza kumeneko?

Amene anandisintha si adokotala, ndi mwana wanga wamkazi wa zaka 9. Tsiku lina madzulo anaima pafupi ndi mpando wanga akundifotokozera za mnzake amene anamulanda malo m'kalasi. Ine ndinkangoti "ee, ee," chala chikuyenda pagalasi la foni. Podzutsa mutu ndinapeza wangokhala duu, atagwira chikwama chake cha mabuku ndi manja onse awiri. Ndinati, "Pitiriza mwanawe, ndikumva." Iye anati, "Ndamaliza kalekale, adadi." Basi n'kumapita kuchipinda kwake. Chimene ndinkaonera pafonipo ndinaiwala tsiku lomwelo, koma nkhope yake ija sichoka m'maso mwanga.

Usiku umenewo ndinatsegula pamene foni imawerengera nthawi imene munthu wakhala akuigwiritsa ntchito. Kuyambira mu 2018 mafoni a iPhone ali ndi Screen Time, a Android ali ndi Digital Wellbeing. Yanga inaonetsa maola 5 ndi mphindi 40 patsiku, osawerengera maola a pakompyuta ya kuntchito.

Sindivomereza kuti vutoli ndi kufooka kwa munthu kokha. Zinthuzi anazipanga dala kuti zisakhale ndi polekezera. Buku lili ndi tsamba lomaliza, nyuzipepala imatha, koma pa Facebook, TikTok ndi zinzake ukamakankhira m'mwamba zimangotulukabe zina. Njira imeneyi anaiyambitsa Aza Raskin mu 2006, ndipo mwiniwakeyo pambuyo pake ananena poyera kuti amanong'oneza nayo bondo. WhatsApp nayo mu 2014 inabweretsa timizere tiwiri ta buluu tosonyeza kuti uthenga wawerengedwa, ndiye kusayankha msanga kunasanduka mlandu. Ine zinafika poti ndinkamva foni ikunjenjemera m'thumba la thalauza pamene foniyo ili apo patebulo.

Zimene ndinachita n'zochepa. Ndinazimitsa kulira kwa china chilichonse kupatula munthu akaimba. Magulu a pa WhatsApp ndimawatsegula ine ndikafuna, iwo sandiitana. Ndinagula wotchi ya alamu kuti ndisamanamizire foni kuti ndi yondidzutsa. Tchaja chinasamukira pabalaza. Pakudya, foni ya wina aliyense siikhala patebulo, kuyambira yanga. Mlungu woyamba dzanja linkapita lokha pambali pa bedi n'kukapapasa popanda kanthu.

Nanga kutachitika zadzidzidzi usiku?

Foni ili pabalaza imamvekabe ikaitana. Komanso mafoni a masiku ano ali ndi njira yotsekera zonse n'kulola manambala ochepa okha amene mwasankha. Kwa ine ndi a makolo, abale anga ndi mwana wanga woyamba. M'zaka ziwirizi foni yofunikadi ya usiku yabwera kamodzi, ndipo ndinaimva.

Ine ndimagona msanga koma cha m'ma 3 koloko tulo timabalalika. Inu munathana nazo bwanji?

Funso ili ndi la mng'ono wanga, ndipo analifunsa maso ali psuu. Ndinamuuza kuti, "Iwe, uyambe wawerenga makapu a khofi." Akatswiri a za tulo amati munthu wamkulu amafunika maola 7 kapena kuposa. Ine ndinkagona 5, n'kumadzitama kuti ndine wolimbikira. Masana ndinkawodzera pamsonkhano, ndiye ndinkamwa khofi wa 4 koloko kuti ndifike madzulo. Caffeine, amene ali mu khofi n'kumathamangitsa tulo ndipo amapezekanso mu tiyi, m'zakumwa za cola ndi m'zakumwa zopatsa mphamvu, amachedwa kutuluka m'thupi: pakatha maola pafupifupi 5, theka lake limakhala likadali m'magazi. Khofi wa 4 koloko amakhala akugwirabe ntchito 9 koloko usiku. Pano ikangodutsa 12 koloko masana, sindimwanso.

Mowa ndi wonyenga pankhaniyi. Umakugwetsa msanga, koma pakati pa usiku ukamatha m'magazi tulo timakhala tapamwambamwamba, ndipo umadzuka kukamwa kuli gwa, mtima ukugunda.

Koma chimene chimandidzutsa kwambiri ine ndi maganizo. Usiku ukakhala zii, ngongole, lipoti losamalizidwa ndi mawu amene bwana ananena masana zimabwera zonse pamodzi, ndipo zimaoneka zazikulu kuposa mmene zilili kukacha. Katswiri wa za maganizo Bluma Zeigarnik analemba mu 1927 kuti ntchito yosiyidwa panjira imakanirira m'mutu kuposa yomalizidwa. Ndiye ndisanakagone ndimatenga kope n'kulemba zonse zotsala, chilichonse ndi chinthu chimodzi chimene ndichite mawa. Zikakhala papepala, mutu umazitula.

Tulo tikakana kwa mphindi ngati 20, sindilimbana nato pabedi. Ndimadzuka, kukakhala pampando ndi kanyali kochepa, kuwerenga buku mpaka kuyasamula kuyambe. Wotchi sindiyang'ana, chifukwa kuwerengera maola otsala ndi kumene kumathamangitsiratu tulo. Ndipo m'mawa ndimadzuka nthawi imodzimodzi, ngakhale Loweruka.

Akazi anga akuti ndimaliza mkonono. Ndi matenda?

Mkonono pawokha nthawi zambiri ndi phokoso chabe, ngakhale limazunza amene mwagona naye. Afunseni funso limodzi: kodi pamakhala nthawi imene mumasiya kupuma, kenako n'kudzidzimuka ngati mwatsamwa? Ngati yankho ndi inde, ndipo masana mumasinza paliponse, m'mawa mumadzuka mutu ukupweteka, kaonaneni ndi adokotala. Pali matenda otchedwa sleep apnea, pamene kummero kumatsekeka munthu ali m'tulo, mpweya n'kuima masekondi 10 kapena kuposa, kambirimbiri usiku umodzi. Amakweza BP ndipo amachititsa ngozi pamsewu. Kwa ine mkonono unachepa nditatsika thupi, nditasiya kugona chagada ndi kuchepetsa mowa wa madzulo. Amene anayamba kuzindikira kusinthako si ine, ndi mayi a kunyumba.

Nanga msana uja unatha?

Umabwerabe ndikakhalitsa pampando, koma sundiopsanso. Ndinapita kuchipatala ndili wotsimikiza kuti andijambula, ndipo ndinakhumudwa adokotala atati palibe chifukwa. Pambuyo pake ndinamvetsa. WHO imati mu 2020 anthu 619 miliyoni padziko lonse anali ndi ululu wa msana wa m'munsi, ndipo mwa anthu 10 alionse, pafupifupi 9 sapezeka ndi chovulala chenicheni chimene dokotala angaloze. Ambiri amachira pa milungu ingapo. Kugona pabedi tsiku lonse, kumene ine ndinkayesa mankhwala, kumangoumitsa minofu. Chimene chimathandiza ndi kuyendayenda. Pano pakatha mphindi 30 kapena 40 ndimaimirira, ngakhale kungopita kukatunga madzi akumwa, ndipo kompyuta ndinaikweza kuti ikhale molingana ndi maso, khosi lisamawerame.

Pali zizindikiro zosafunika kudikira nazo: dzanzi pakati pa miyendo kapena kumalo obisika, kulephera kugwira mkodzo kapena chimbudzi, mwendo kufooka, kutentha thupi, kuwonda popanda chifukwa, kapena ululu woyamba munthu atagwa kapena kuchita ngozi.

Chimodzi chimene ndimachenjeza nacho aliyense: m'milungu itatu ija ndinkameza ibuprofen ndi diclofenac tsiku ndi tsiku popanda wondiuza. Mankhwala a gulu limeneli amakweza BP, amasupula m'mimba ndipo amalemetsa impso akamwedwa nthawi yaitali. Ndinkachiza chopweteka n'kumadyetsa chosapwetekacho.

Mwayamba kuvala magalasi. Ndi kompyuta yakuonongani maso?

Magalasiwa ndi a msinkhu. Munthu akapitirira zaka 40, diso limayamba kuvutika kuona zapafupi, n'chifukwa chake mumaona abambo akutalikitsa foni kuti awerenge. Chimene kompyuta imachita ndi kuumitsa maso, chifukwa ukayang'anitsitsa pagalasi umaphethira mochepa. Njira yake ndi yosavuta: pakatha mphindi 20, yang'anani chinthu cha patali mamita 6 kwa masekondi 20. Ngati muli ndi BP kapena shuga, kayezetseni maso ngakhale mukuona bwinobwino.

Kodi n'zoona kuti munthu aziyenda masitepe 10,000 patsiku?

Nambala imeneyi sinachokere kuchipatala. Mu 1965 kampani ina ya ku Japan inatulutsa kachipangizo kowerengera mapazi kotchedwa Manpo-kei, dzina lotanthauza choyezera masitepe 10,000, ndipo nambalayo inafala kuchokera pamenepo. Si yoipa, koma inkandifooketsa, chifukwa tsiku loti ndafika 4,000 ndinkangoti ndalephera kale, bola kukhala. Malangizo a WHO a mu 2020 ndi akuti munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi zapakatikati kwa mphindi 150 mpaka 300 pamlungu, ndi zolimbitsa minofu masiku awiri. Mphindi 150 ndi kuyenda ndawala mphindi 30, masiku asanu. Ndawala yake ikhale yoti ungathe kuyankhula koma osatha kuimba.

Sikelo sindiikhulupirira kwambiri. Ndimadalira tepi ya telala. Lamulo losavuta ndi lakuti mzunguliro wa mimba usafike theka la kutalika kwanu. Ine ndine wa masentimita 176, ndiye malire anga ndi 88. Nditayeza koyamba, chapamwamba pang'ono pa mchombo, tepi inaonetsa 101. Lamba ndinali nditamusuntha mabowo awiri pa zaka zitatu osaganizapo kanthu, ndipo anthu ankanditamanda kuti zinthu zikuyenda. Mafuta a m'mimba ndi amene amazinga ziwalo za m'kati, ndipo amayendera limodzi ndi shuga ndi matenda a mtima. Pano ndili pa 93.

Kale munkapsa mtima ndi tinthu tating'ono. Chinasintha n'chiyani?

Tinthuto sitinachoke. Pasiwedi ya kuntchito imafunabe kusinthidwa ndikangoizolowera, ngakhale kuti bungwe la boma la America loona za miyezo, NIST, linalangiza kale mu 2017 kuti anthu asamakakamizidwe kusintha pasiwedi nthawi ndi nthawi popanda chifukwa. Alipobe anthu otumiza uthenga wa mawu wa mphindi zinayi pa nkhani yoti akanalemba m'mzere umodzi. Ukaimba foni kukampani umamvetserabe nyimbo mpaka khutu kutentha, kenako foni n'kuduka. Pamsewu alipo oliza hutala magetsi asanasinthe n'komwe. Kompyuta imasankhabe kudzikonza pa nthawi imene msonkhano ukuyamba.

Chimene ndinazindikira mochedwa ndi kumene mkwiyowo unkathera. Makina sungawakalipire, bwana sungamuyankhe, ndiye zonse ndinkabwera nazo kunyumba. Tsiku lina ndinamulalatira mwana wanga wamwamuna chifukwa cha tchaja chimene anabwereka osabweza. Ndinakuwa mpaka mawu kusasa. Mnyamata wa zaka 14 anangoima pakhomo, tchajacho chili m'manja, milomo ikunjenjemera. Usiku mayi ake anandiuza motsitsa mawu kuti, "Inu, anawa akumamva galimoto yanu ikafika n'kuthawira kuchipinda. Mukudziwa?" Sindinkadziwa. M'mawa mwake ndinamupepesa mnyamatayo, ndipo sizinali zophweka kwa ine.

Munthu wosagona mokwanira amakhala ndi mtima wapachala, ndiye tulo titabwerera theka la mkwiyo linachoka lokha. Theka linalo linali kutopa ndi ntchito. Mu 2019 WHO inafotokoza kutopa kotere ngati vuto lochokera kuntchito, la zizindikiro zitatu: kutheratu mphamvu, kuipidwa ndi ntchito n'kumaiona ngati yopanda pake, ndi kulephera kuigwira mmene unkaigwirira. Zonse zitatu ndinali nazo. Ndinapempha kuti mauthenga a kuntchito ndisamayankhe ikadutsa 7 koloko madzulo, ndipo anavomera mosavuta kuposa mmene ndinkaopera. Ndikafika kunyumba ndimayamba ndayenda mphindi 30 zija ndisanakhale pansi ndi wina aliyense.

Ndimalowa m'chipinda n'kuiwala chimene ndadzera. Mutu wayamba kutha?

Kawirikawiri ayi. Gabriel Radvansky ndi anzake a pa yunivesite ya Notre Dame anaonetsa mu 2011 kuti kungodutsa pakhomo kumachititsa munthu kuiwala zimene anali nazo m'mutu m'chipinda chinacho. Onjezanipo kusowa tulo ndi kuchita zinthu zitatu nthawi imodzi. Chodetsa nkhawa ndi kusochera panjira imene mumaidziwa, kubwereza funso limodzimodzi kangapo, kapena a pabanja panu kuona kusintha kumene inu simukukuona.

Ndikumadzuka katatu usiku kukataya madzi. Ndi ukalamba?

Ili ndi funso limene amuna amandifunsa atayang'ana kaye uku ndi uku. Zifukwa zake zilipo zingapo, ndipo zina n'zosaopsa: kumwa zamadzimadzi zambiri madzulo, mowa, kapena mapiritsi ena a BP okodzetsa akamwedwa usiku m'malo mwa m'mawa. Koma pali ziwiri zofunika kuyezetsa.

Choyamba ndi shuga, makamaka ngati mukumvanso ludzu losatha, kutopa, kuwonda kapena zilonda zochedwa kupola. Kuyeza kwake ndi kadontho ka magazi. Munthu asanadye kanthu m'mawa, shuga akafika 7.0 mmol/L kapena kuposa, ndipo zikabwerezeka, ndiye kuti matendawo alipo. Nawonso amatha kukhala zaka osadzionetsa.

Chachiwiri ndi prostate, kachiwalo ka amuna kamene kali pansi pa chikhodzodzo ndipo kamazungulira njira ya mkodzo. Amuna ambiri akapitirira zaka 50 kamakula n'kumafinya njirayo: mkodzo umachedwa kuyamba, umatuluka mofooka, ndipo ukamaliza umamva ngati watsala. Kukula kotere si khansa. Komabe khansa ya prostate imagwira kwambiri amuna akuda ndi amene bambo kapena mchimwene wawo anadwalapo, ndipo ikamayamba sipweteka. Amuna otere amalangizidwa kukambirana ndi adokotala za kuyeza magazi kotchedwa PSA, kumene kumathandiza kuona ngati prostate ili ndi vuto, kuyambira zaka ngati 45. Ine ndinakambirana nawo chaka chatha. Magazi mu mkodzo, kapena mkodzo kukaniratu kutuluka, n'zothamangira kuchipatala tsiku lomwelo.

Mumafufuza zizindikiro za matenda pa intaneti?

Ndinkatero kwambiri miyezi yoyamba, ndipo zinandidwalitsa mtundu wina. Kachilonda ka m'kamwa, kudumphadumpha kwa chikope, chilungulira cha usiku, chilichonse ndikachilemba pa Google chinkathera ku khansa. Ndinkayeza BP kasanu patsiku, ndipo mantha a manambalawo ankaikweza. Adokotala anga, bambo wachikulire wosathamanga poyankhula, anandiuza kuti, "Bambo, yezani m'mawa ndi madzulo kwa mlungu umodzi, mulembe, mubwere nazo. Kupitirira apo mukudzizunza." Anandilemberanso papepala zinthu zosadikira nazo, kuti zina zonse ndizitha kugona nazo mpaka tsiku lokaonana nawo.

Zosadikirazo ndi izi. Chifuwa kulemera ngati wina wakhalapo, ululu n'kumapita kumkono, kukhosi kapena kunsagwada, limodzi ndi thukuta, nseru kapena befu. Nkhope kupotokera mbali imodzi, mkono kapena mwendo kulefuka mwadzidzidzi, lilime kulemera. Mutu kupweteka modzidzimutsa kuposa kale lonse. Zikatere osatsegula foni kuti muwerenge, osagona kuti muone mmene kuchere. Pitani kuchipatala, ndipo wina akuyendetseni.

Chilungulira changa chinali chilungulira basi. Chinatha nditasiya kudya n'kugona pompo; pano ndimasiya maola atatu pakati.

Nkhawa zanu mumauza ndani?

Kwa zaka zambiri sindinkauza munthu. Tinakula tikumva kuti mwamuna salira, ndipo ine ndinamvera. Ukafunsidwa kuti muli bwanji umati ndili bwino, ngakhale m'kati mukuyaka moto. WHO imati chaka chilichonse anthu oposa 700,000 amadzipha, ndipo amuna amaposa akazi kuwirikiza kawiri. Nambala imeneyi sindiiwerenga ngati ya anthu akutali, chifukwa ndinaikapo m'manda mnzanga amene tinaseka naye Lachisanu osadziwa kanthu.

Pano ndili ndi mnzanga mmodzi amene timayenda limodzi Loweruka m'mawa. Ndaona kuti amunafe timamasuka tikamayenda moyandikana maso ali kutsogolo, kusiyana ndi kukhala moyang'anizana. Nkhani za ngongole, za ana, za mantha a imfa zimatuluka pakati pa njira. Mayi a kunyumba ndinayambanso kuwauza zoona za ndalama, zimene kale ndinkabisa poganiza kuti ndikuwateteza. Ngati kukhumudwa kwatha milungu iwiri osachoka, chakudya sichikoma, zimene munkakonda sizikusangalatsani, kapena mwayamba kuganiza kuti bola kufa, amenewo ndi matenda ndipo ali ndi chithandizo. Uzani munthu lero, ndipo kaonaneni ndi a chipatala.

Chimene chikukuvutanibe n'chiyani?

Foni. Masiku amene ndatopa kwambiri ndimapezeka ndaima pabalaza 11 koloko usiku, nyali zozimitsa, ndikukankhira m'mwamba chili chiimire pafupi ndi tchaja. Maola aja atsika kufika pa 3, koma mlungu wa mavuto amakweranso. Masentimita 5 a pamimba akukanirirabe. Piritsi ndinaliiwalapo kawiri mwezi watha, ndiye ndalisamutsira pafupi ndi mswachi.

Ndipo mantha sanatheretu. Bambo anga anagwa ndi sitiroko ali ndi zaka 58, ndipo sindikumbuka kuti anayezetsapo BP ngakhale kamodzi. Ndikamayandikira msinkhu umenewo ndimawaganizira kwambiri. Kope langa la manambala limakhala m'dilowa limodzi ndi kamakina kaja. Dzulo m'mawa ndinalembamo 132/84. Mwezi wamawa ndikukaonana ndi adokotala, ndipo mng'ono wanga wavomera kuti tipitire limodzi, akayezetse koyamba.